Mwana wanga ndi wa mtundu wanji? Kwathu akumukana, kwa apongozi akumukananso

Mlomwe_waku_Chibavi:
Abale ndithandizeni maganizo. Ine kwathu ndi ku Phalombe, ndinabwera kuno ku Mzuzu kudzawotcherera zitsulo ndiye ndinakwatira mkazi wa ku Mzimba, cha ku Embangweni. Mwana wathu ali sitandade 5, dzulo wabwera ndi homuweki yoti alembe mtundu wake ndi gule wa kwawo, ine kakasi. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, ndiye mayi anga pa foni akuti ameneyo ndi Mngoni. Apongozi akuti ayi ife tinalandira lobola, mwana ndi wa kwa bambo ake. Mwiniwakeyo amayankhula Chichewa pakhomo, Chitumbuka ndi anzake, Chilomwe olo moni sadziwa (musandifunse ine, nanenso chimandivuta). Komanso madamwa amati ndi Mngoni koma Chingoni sindinawamvepo akuyankhula, zimatheka bwanji?

Dada_wa_Luwinga:
Achimwene, za Chingonizo musawanamizire alamu athu kuti akunama. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, tsiku lomwe kunachitika kadamsana, anapitirira mpaka ku Ufipa ku Tanzania komwe Zwangendaba anamwalira, kenako a M'mbelwa ndi anthu awo anabwerera nkudzakhazikika ku Mzimba. Atafika anakwatira akazi achitumbuka, ndiye mwana amayamwa chilankhulo cha mayi ake eti, mibadwo ingapo Chingoni chinazilala. Chatsala mu nyimbo za ingoma, m'mafuko ngati Jere ndi pa miyambo, mukapita ku Umthetho ku phiri la Hora mu Ogasiti mukachimva. Koma mwambo wa ukwati unapambana ndi wa Angoni, lobola uja. A ku Ntcheu a Gomani nawonso chimodzimodzi, amayankhula Chichewa koma muwanene Achewa muone. Ine ndinali mphunzitsi, funso limeneli linkabwera chaka ndi chaka. Ng'ombe munapereka inu, mwanayo alembe Mlomwe basi.

KondowoleBoy:
kkkkk aise mwana wa pa Mzuzu ameneyo, alembe kuti mtundu wake ndi Chibavi. Mesa tauni ino inayamba ndi esiteti ya mitengo ya tung m'ma 1940, anthu anachita kubwera kudzagwira ntchito, mpaka pano aliyense ali ndi kwawo komwe amapita pa Khisimisi. Ine ndine Mtonga wa ku Chintheche, neba wanga Mnkhonde wa ku Karonga amatiphikira mbalagha ife timamupatsa kondowole ndi nsomba ya batala, landilodi ndi Mlambya wa ku Chitipa, ukalowa mu Taifa maketi ukumva Chiswahili, shehe wa pamzikiti Myao wa ku Mangochi. Gule alembe malipenga, ndi amene ali ndi yunifomu yooneka bwino.

NyaMzimba_Katoto:
Ine ndisagwirizane nanu pang'ono a Dada. Lobola siichotsa magazi a mayi, mwanayo akapita ku Embangweni agogo ake samutenga ngati mlendo ayi. Koma chimene ndikukana kwambiri ndi zomwe ena amakonda zoti "angolemba Mmalawi", zimamveka bwino koma ife kuno tikudziwa komwe zimathera. Mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka anachichotsa pa wailesi ya MBC, chinadzabwerera mu 1994. Zaka zonsezo makolo athu nkhani ankamvera m'chilankhulo cha eni. Sindikudana ndi Chichewa, ndi chomwe tikulemberana pano, koma inuyo alamu mwadziulula nokha kuti Chilomwe chimakuvutani, pomwe pa kalembera wa 2018 Alomwe anali achiwiri kuchuluka, pafupifupi 19 pa 100 aliwonse, kutsogoleredwa ndi Achewa okha. Anthu onsewo koma chilankhulo chikumveka kwa agogo basi. Gule wanu alipo, tchopa, bungwe la UNESCO linamulemba pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa pa dziko lonse mu 2014, vimbuza ndi gule wamkulu anatsogola kale mu 2005. Mutengeni mwanayo mu Okutobala akaone Mulhako pa Chonde ku Mulanje, Hora ndi pafupi apa adzapita ndi amalume ake.

Mlomwe_waku_Chibavi:
Yewo chomene nonse, alamu mwandilasa koma ndavomera. Ine ndisanabwere ku shopu mwana walemba kale yekha, mtundu Mlomwe, gule ingoma, aphunzitsi achonga. Mayi anga ndawauza akuti tibwere naye akamuphunzitse moni ndi kumudyetsa kalongonda. Amene mwakwera posachedwa, basi ya usiku yopita ku Blantyre ikuchita zingati pano, ndipo wa zaka 11 amalipira yonse?