Kodi mfundo zomanga pulogalamu m'zigawo zimagwira ntchito m'makampani?

Wayamba Kumene:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala nthawi yaitali pa ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Ku yunivesite tinaphunzira kuti pulogalamu yabwino imamangidwa ndi zigawo zodziimira pazokha, chilichonse chokhala ndi interface (njira imene zigawo zina zimalumikizirana nacho) yomveka bwino, kuti chigawo chimodzi chithe kusinthidwa kapena kugwiritsidwanso ntchito kwina popanda kusokoneza zinzake. Kumene ndikugwira ntchito, otiyang'anira amafuna kuti zimene kasitomala wapempha zituluke msanga, ndipo ndikatchula zopatula zigawo amati nthawi yake palibe. Kodi mfundozi zimathera m'kalasi, kapena pali njira yozitsatira popanda kuchedwetsa ntchito?

Mmisiri Wakale:
Mwafunsa bwino, achimwene. Ndikuona kuti m'funso lanu muli mfundo ziwiri za akatswiri a mapulogalamu zimene ziyenera kulekanitsidwa. Yoyamba ndi ya Douglas McIlroy, amene mu 1968, pa msonkhano wa NATO ku Garmisch m'dziko la Germany, ananena kuti zigawo za mapulogalamu zizipangidwa zambirimbiri kuti wolemba pulogalamu azingosankha chomuyenera. Yachiwiri ndi ya David Parnas ya mu 1972, yoti pogawa pulogalamu tiyambe tafufuza zinthu zimene zingadzasinthe mtsogolo, kenaka chilichonse tichibise m'chigawo chakechake.

Yoyambayo ndi yodula. Katswiri wina, Fred Brooks, anayerekezera mu 1975 kuti kusandutsa pulogalamu yongogwira ntchito kuti ikhale yoti aliyense angaigwiritse ntchito, yoyesedwa mokwanira ndi yolembedwa malangizo ake, kumawononga ndalama kuwirikiza katatu, choncho okuyang'aniraniwo sakulakwa akamakana kulipira zimenezo pa chigawo chimene mwina sichidzafunikanso kwina. Koma ya Parnas sichedwetsa ntchito kwenikweni. Ngati pulogalamu yanu imalandira malipiro kudzera ku kampani ina, ikani zonse zokhudza kampaniyo m'chigawo chimodzi chimene chimangodziwa kulipiritsa, kubweza ndalama ndi kufunsa ngati malipiro adutsa, ndipo mbali zina za pulogalamu zisadziwe ngakhale dzina la kampaniyo. Tsiku limene mgwirizano ndi kampaniyo udzathe, mudzakonza malo amodzi okha. Polankhula ndi mabwana, afotokozereni phindu limeneli m'masiku a ntchito amene adzapulumutse, chifukwa zimenezo ndi zimene amawerengera.

Woyesa Mapulogalamu:
Ndikugwirizana ndi a Mmisiri Wakale, koma ine nkhawa yanga ili pa zimene interface siinena. Chigawo chilichonse chimalembedwa ndi zoyembekezera zake, ndipo zoyembekezerazo zikapanda kulembedwa, wochigwiritsanso ntchito sangazidziwe. Pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika patangodutsa masekondi pafupifupi 40 chinyamukireni. Pulogalamu yoyeza kayendedwe kake inatengedwa ku roketi yakale ya Ariane 4, kumene inkagwira ntchito bwinobwino, koma Ariane 5 inkathamanga kwambiri chopingasa, ndipo nambala yokhudza liwirolo, ya mabiti 64 (timagawo timene kompyuta imasungiramo nambala), inalephera kukwana m'malo a mabiti 16. Kompyuta yachiwiri yoti igwire ntchito yoyamba ikalephera inali ndi pulogalamu yomweyo, motero nayonso inaima pa chifukwa chomwecho.

N'chifukwa chake ndimaona kuti mfundo ya Bertrand Meyer ya Design by Contract ndi yofunika ngakhale pa ntchito yachangu: lembani zimene chigawo chimayembekezera kulandira ndi zimene chikulonjeza kubweza, ndipo muziike m'mayeso amene amadziyendera okha nthawi iliyonse munthu akasintha kanthu.

Wosamalira Maseva:
Ndingowonjezera kuti zimene McIlroy ankafuna zinachitika ndithu, kudzera m'nkhokwe za pa intaneti za zigawo za mapulogalamu monga npm, Maven ndi PyPI, ndipo vuto la makampani lero ndi kuchuluka kwa zigawo za eni. Mu Malichi 2016, left-pad, chigawo cha mizere 11 yokha chimene mapulogalamu ambiri ankadalira, chitachotsedwa pa npm, mapulogalamu ambirimbiri analephera kumangika. Mu Disembala 2021, chiopsezo cha chitetezo cha mu Log4j, chigawo cholemba zochitika m'pulogalamu, chitadziwika, makampani ambiri anavutika ngakhale kungodziwa kumene Log4j inabisala m'mapulogalamu awo. Choncho a Wayamba Kumene, yambani ndi kusunga mndandanda wa zigawo zonse zimene mumadalira, mutsekere version (mtundu weniweni umene mukugwiritsa ntchito) ya chilichonse kuti isasinthe yokha, ndipo pagulu panu pakhale munthu wodziwika amene udindo wake ndi kutsatira zilengezo za chitetezo ndi kukonza zigawozo zikafunika kusinthidwa.