Kodi kapolo wa m'nthano ndi kapolobe?

Nachisale:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndikuwerengera mwana wanga wa zaka 10 buku lachinayi la Harry Potter, lomwe linatuluka mu 2000, mutu umodzi usiku uliwonse. Muli tianthu tija totchedwa ma house-elf, timene timagwira ntchito m'nyumba za amatsenga popanda malipiro. Hermione, mtsikana mnzake wa Harry, akayambitsa kagulu kowamenyera ufulu, anzake amamuona ngati wosokoneza. Ndiye pali Winky, house-elf yemwe atachotsedwa kwa mbuye wake amangokhalira kulira ndi kumwa, ufuluwo ukumuwawa.

Dzulo mwanayu anandidula pakamwa: "Amayi, ndiye kuti ukapolo ulibe vuto ngati kapoloyo akuufuna?" Ndinangoti kakasi. Bambo ake akuti ndisadzivutitse, n'zopeka basi. Koma ineyo mtima sukukhazikika. Kodi nkhani za m'dziko longopeka tiziziweruza ndi muyezo womwe timaweruzira zochita za anthu enieni?

Gomezgani:
Mayi, ine ndili mbali ya bambo akunyumbako. Mwavomera kale kuti m'dziko limenelo tsache limauluka. Vomeraninso kuti muli zolengedwa zomwe mtima wake si wa munthu. Komanso wolemba kuonetsa choipa sikutanthauza kuti akuchiyamikira. M'buku lomwelo Dobby, house-elf wina, amafuna malipiro, ndipo amawapeza, Galleon (ndalama ya amatsenga) imodzi pa sabata ndi tsiku limodzi lopuma pa mwezi. Nkhaniyo sinabise kuti pali chovuta.

Che Bwanali:
Achimwene a Gomezgani, tsache louluka ndi kapolo wokondwa si zinthu zofanana. Tsache silinaulukepo, choncho palibe amene linamupweteka. Koma mawu oti "iwowa amakonda kutumikira, ufulu ungowaononga" ananenedwa ndithu ndi eni akapolo enieni, ponena za anthu enieni. Ndipo amene anapatsa Winky mtima umenewo ndani? Ndi wolemba, munthu wa dziko lathu lomwe lino, polembera ana a dziko lomwe lino.

Ngakhale Tolkien, wolemba The Lord of the Rings, zinamuvuta. Analenga ma orc, mtundu wathunthu wa zolengedwa womwe ngwazi za m'nkhani zake zimapha mosadandaula. Monga Mkatolika, sankamasuka ndi ganizo loti cholengedwa choganiza n'kuyankhula chingakhale choipa chibadwire mpaka osatheka kuomboledwa, ndipo anasinthasintha chiyambi chawo kangapo mpaka anamwalira mu 1973 asanakhutire. Mu 2020 kampani ya Wizards of the Coast inalengezanso kuti isintha mmene masewera a Dungeons & Dragons amaonetsera ma orc. Ngati eni nkhani amadzifunsa, ife owerenga tilekerenji?

Gomezgani:
Pamenepo ndamva. Chomwe ndimakana ine ndi chizolowezi chotaya buku lonse chifukwa muli munthu wankhanza. Tikatero titsala ndi nkhani zopanda mano.

Nachisale:
Kutaya ayi, a Gomezgani, tili pakati ndipo mwanayu sangandilole. Koma a Che Bwanali mwandikhudza pomwe pamandiwawa. Sindikuipidwa kuti m'nkhanimo muli akapolo. Chikundivuta n'choti nkhaniyo imandikoka kuti ndiseke Hermione pamodzi ndi anzakewo, pamene iye ndi amene akuona bwino. Ndaona kuti ndikamawerenga mawu ake ndimawapatsa kamvekedwe ka munthu wovuta, ndipo mwana amaseka. Usiku uno ndiwawerenga ndi mawu anga enieni. Kenako ndimufunsa kuti akanakhala Winky, n'chiyani chikanamuchititsa kuopa ufulu chonchija.