Kodi Admin angatulutse bwanji anthu ena mu QuickBooks ali patali?

Moni nonse akuluakulu a m'gulu lino. Ndikupempha thandizo pa vuto lomwe likuchedwetsa ntchito yathu yowerengera ndalama kumapeto kwa mwezi uliwonse.

Timagwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ndalama ya QuickBooks Desktop mu Multi-user Mode (pamene anthu angapo amagwiritsa ntchito fayilo imodzi nthawi imodzi), ndipo fayilo ya kampani ili pa seva imene anzathu a ku nthambi ina amalowamo kudzera pa Remote Desktop (njira yolowera mu kompyuta ina uli patali). Ntchito zina, monga Rebuild Data (kukonza zolakwika mu fayilo), zimafuna kuti fayiloyo ikhale mu Single-user Mode (munthu mmodzi yekha ndiye akuigwiritsa ntchito), koma kawirikawiri anzathuwo amaweruka osatuluka mu pulogalamuyi, kotero ine monga Admin ndimalephera kupitiriza mpaka m'mawa.

Tayesa kuwaimbira foni ndi kuwalembera uthenga, koma madzulo sapezeka. Tinayesanso kutseka pulogalamuyi pa seva kudzera mu Task Manager (chida cha Windows chotsekera mapulogalamu), njira imene sindikuikonda chifukwa kuidula mwadzidzidzi kungathe kuwononga fayilo yonse.

Kodi pali njira yotetezeka yoti Admin atulutsire munthu wina popanda kupita pa kompyuta yake? Nanga ngati munthuyo anasiya invoice asanaisunge, zimene analembazo zimatayika kapena zimasungika?