Boila ya panja ikutha nkhuni koma nyumba ikuzizirabe, ndithandizeni maganizo

Mayi Nambewe:
Moni kwa nonse, akuluakulu ndi achinyamata. Ndabwera ndi vuto limene likundisowetsa tulo, ndipo ndikupempha amene amadziwa za maboila a nkhuni a panja kuti andiunikire. Ife timakhala kunja kwa tawuni ya Niles ku Michigan, m'dziko la America, ndipo chaka chatha tinagula nyumba yakale ya pafamu, yaikulu kwambiri, chifukwa banja lathu ndi lalikulu komanso timalandira abale pafupipafupi. Nyumbayi tinaipeza ili ndi boila ya nkhuni kuseri, ndipo madzi otentha amayenda m'mapaipi a pansi pa nthaka mpaka kufika m'chipinda cha pansi, kumene kutenthako kumalowa mu furnace (makina otenthetsera mpweya wa m'nyumba) n'kumwazikira m'zipinda. Amene anatigulitsa analumbira kuti iwo ankaika nkhuni m'mawa ndi madzulo basi, nyumba yonse n'kumafunda, koma chisainirane mapepala sayankhanso foni, ndipo anatisiyira galaja yodzaza ndi matayala akale ndi zitini za penti zimene tinachita kulipira kuti zikatayidwe.

Panopa bambo a kunyumba kuno akudzuka pakati pa usiku kukasonkhezera moto, pamene m'mawa ayenera kulawirira ku ntchito ku South Bend, ndipo msana wayamba kuwavuta. Nkhuni zimene tinkati zitifikitsa mu Malichi zatsala pang'ono kutha tikadali mu Januwale. Pa boila pamaonetsa madigiri 180 a Fahrenheit, koma zipinda za m'mwamba sizipitirira madigiri 60, moti apongozi anga amene anabwera kudzaona mdzukulu wawo akugona atavala chipewa, ndipo auza kale abale onse kumudzi kuti mwana wawo akuzunzika. Alamu anga amene tikuwasunga pamene akufunafuna ntchito amakhalitsa m'bafa mpaka madzi otentha kutha, chikhalirecho sanagwirepo nkhwangwa, koma ine ndikayankhulapo ndimaoneka wankhanza. Oyandikana nawo nyumba abweranso kudzadandaula za utsi. Kodi tigule boila yaikulu kuposa imeneyi, kapena tingoisiya n'kumagwiritsa ntchito gasi wa propane ngakhale ali wodula?

Bambo Mwale:
Mayi, musataye nthawi ndi ndalama pa chitsulo chimenecho. Sindinaione boila yanuyo, koma ndikudziwa kale kuti ndi ya mtundu wakale, imene ili bokosi la moto lozunguliridwa ndi madzi, ndipo moto wake suyaka mokwanira chifukwa makoma ake amazizira ndi madziwo, choncho gawo lalikulu la mphamvu ya nkhuni limatuluka pa chumuni ngati utsi. N'chifukwa chake bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA linakhazikitsa malire a utsi wa maboila atsopano mu 2015, n'kuwakhwimitsanso mu Meyi 2020. Maboila a masiku ano, a gasification, amakokera utsi m'chipinda chachiwiri cha pansi n'kuutenthanso, ndipo mukaima pafupi simuona kanthu pa chumuni. Ine kuno ku Wisconsin ndinachotsa yakale, ndipo nkhuni zimene ndimagwiritsa ntchito zinatsika pafupifupi ndi theka. Gulani yatsopano nkhani ithe.

Bambo Chisale:
Mayi, pepani ndi mavutowa. Ine ndimagwira ntchito yoika zotenthetsera m'nyumba ku Minnesota, ndipo pa zonse mwalembazi mwasiya zinthu zimene munthu angaweruzire nkhaniyi. Nyumbayo ndi yaikulu masikweya fiti angati? Kuchokera pa boila kufika pa khoma la nyumba pali mafiti angati, ndipo paipi ya pansiyo ndi ya inchi imodzi kapena yoposerapo? Nkhunizo zinadulidwa liti? Ngati boila ikusunga madigiri 180 koma nyumba ikuzizira, ndiye kuti kutentha kukupangidwa koma sikukufika kumene kukufunika, ndipo boila yaikulu singathetse vuto lotere.

Mayi Nabanda:
Achemwali, ine za maboila sindizidziwa, koma nkhani ya alamu anuwo yandikhudza. Munthu wamkulu wathanzi lake sangamadye ndi kusamba m'nyumba ya eni, mkulu wake n'kumadzuka usiku kukalimbana ndi moto iye ali mtulo. Koma inunso simunachite bwino kuitulutsa poyera nkhani ya apongozi, chifukwa kuno anthu timadziwana, ndipo mawuwa akafika kumudzi dzuwa lisanalowe.

Achimwene Jere:
Ndiye kuti tinawoloka nyanja yonse ija kuti tidzawaze nkhuni ku Michigan? Agogo anga akamva zimenezi adzafunsa kuti ndalama za ndege zinapitiranji. Alamuwo apatseni nkhwangwa, mudzaona kuti ntchito aipeza sabata lomwelo.

Bambo Phiri:
Ine ndikuona kuti vuto ndi nkhuni. Ndinakulira pa esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo aliyense amene anachezerapo usiku pa balani ya flue-cured amadziwa kuti ukasonkhezera nkhuni zaziwisi moto umangolira ndi kufuka, mapaipi osatentha, fodya n'kuwonongeka. Boila yanuyi ndi chimodzimodzi. Mtengo wa oak ukangodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba wawiritsa madzi amenewo usanatenthetse a m'boila. Nkhuni zoyenera zikhale ndi chinyezi chosapitirira 20 peresenti, ndipo oak amafuna zaka 2 atawazidwa ndi kusanjidwa pamalo opita mphepo. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, muwaze chikuni chimodzi, mubaye pakati pamene mwawazapo, osati kunja. Kwanu kumeneko kuli mitengo yambiri ya ash imene inauma chiimirire chifukwa cha kachilombo ka emerald ash borer, kamene kanapezeka koyamba pafupi ndi Detroit mu 2002, ndipo nkhuni zake zimauma msanga kuposa oak. Chenjeraninso ndi ogulitsa, pakuti cord yeniyeni ndi mulu wa mafiti 4 m'lifupi, 4 m'mwamba ndi 8 m'litali, pamene ambiri amabweretsa face cord, imene nthawi zambiri imangokhala gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kumaitchula kuti cord.

Bambo Mwale:
A Phiri, za fodya zisiyeni ku Kasungu. Ngakhale mayiwa atapeza nkhuni zouma bwanji, boila yakale imafukabe nthawi zonse pamene kafani kake kazima n'kusiya moto ukunyeka pang'onopang'ono, ndipo utsi umenewo ndi umene ukupita kwa oyandikana nawowo. Anthu inu mumakonda kumata zigamba pa zinthu zimene nthawi yake inatha.

Bambo Phiri:
A Mwale, boila yanu ya gasification ndi imene imakana nkhuni zaziwisi kuposa yakaleyo. Yakale imameza chilichonse ngakhale monyinyirika, koma yatsopano mukaipatsa oak wa chaka chomwecho timipata take timatsekeka ndi phula, moto wa pansi uja osayaka n'komwe. Mukufuna mayiwa awononge madola zikwi zambiri pakati pa nyengo yozizira, kenako adzapeze kuti alibe chikuni ngakhale chimodzi choyenera kuikamo?

Mayi Nasibeko:
Ine ndikangomva za maboila amenewa mtima umandipweteka. Tinali nayo pamene tinkakhala kumpoto kwa New York, ndipo chaka china mu Disembala tinapita kumudzi ku maliro, titasiya mnyamata wina kuti aziika nkhuni. Kunagwa chipale chofewa chambiri, magetsi anazima, pampu inaima, mnyamatayo sanathe kufika, ndipo pobwera tinapeza mapaipi ataphulika ndi madzi oundana. A inshuwalansi anatizunguza miyezi yambiri. Anthu amaganiza kuti ukakhala ndi nkhuni sudaliranso magetsi, chonsecho pampu ndi kafani zonse zimayendera magetsi. Ngati mulibe jenereta, achemwali, yambani mwagula imeneyo, ndipo musayerekeze kuchotsa furnace ya propane, chifukwa tsiku lina mudzadwala kapena mudzachoka.

Bambo Mwale:
Zimenezo ndi za mnyamata wanuyo, mayi, osati za boila. Maboila atsopano amatha kukutumizirani uthenga pa foni madzi akayamba kuzizira. Ndikubwerezanso kuti yankho ndi kugula yatsopano.

Mayi Nasibeko:
Bambo, uthengawo ukanandipeza ndili ku Dedza pa maliro ndikanatani nawo?

Bambo Chisale:
Tiyeni tibwerere kwa amene afunsa. Kutentha kumene madzi amanyamula timakuwerengera motere: magaloni amene akuyenda pa mphindi, kuchulukitsa ndi 500, kuchulukitsanso ndi kusiyana kwa madigiri pakati pa madzi opita ndi obwerera. Paipi ya pulasitiki ya PEX ya inchi imodzi imayendetsa magaloni pafupifupi 8 pa mphindi ngati mtunda suli wautali, ndipo madzi akatsika ndi madigiri 20 m'nyumba, mwapeza ma BTU (muyeso wa kutentha) 80,000 pa ola. Nyumba yakale yaikulu ya mawindo olowa mphepo ikhoza kufuna zoposa pamenepo usiku umene mphepo ikuchokera ku nyanja ya Michigan, ndipo zikatero ngakhale mutaika boila yaikulu chotani, paipiyo ndi imene idzakuikirani malire. Pali kuyeza kumodzi kosafuna mmisiri. Matani tepi yakuda pa paipi pamene ikutuluka m'boila ndi pamene ikulowa m'nyumba, muyeze malo onse awiri ndi themomita yolozera patali ija. Paipi yokutidwa bwino imangotaya digiri imodzi kapena ziwiri. Onaninso sefa ya furnace, chifukwa ikadzaza fumbi mpweya sudutsa bwino pa koyilo, timapaipi ta mu furnace timene mumadutsa madzi otentha aja, ndipo zipinda za m'mwamba ndi zimene zimayamba kuzizira.

Bambo Kamanga:
Palibe amene walankhulapo za malamulo, pamene ndi amene angawagwetse m'mavuto mayiwa. Ku Michigan matauni ndi ma township (madera ang'onoang'ono okhala ndi makhonsolo awo) ambiri ali ndi malamulo awoawo onena za kutalika kwa chumuni ndi mtunda wochokera pa malire a puloti, ndipo ena analetseratu maboila a panja. Oyandikana nawowo akabwera mwaulemu lero, mawa akhoza kupita ku ofesi. Pitani mukafunse nokha iwo asanapiteko, ndipo musaikemo zinyalala, mapulasitiki kapena matabwa opakidwa mankhwala, chifukwa zimenezo n'zoletsedwa ndipo fungo lake silibisika.

Bambo Mwale:
Mwamva, a Phiri? Malamulo omwewo akunena zimene ine ndakhala ndikunena. Utsi ndi utsi basi.

Bambo Kamanga:
Sindinanene zimenezo, a Mwale. Musandiike mawu m'kamwa.

Mayi Nambewe:
Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Mayi Nabanda, apongozi anga ndimawalemekeza, ndipo sindinanene choipa chilichonse cha iwo, koma choonadi n'chakuti akuzizidwa. Alamu anga aona zimene alemba achimwene Jere ndipo sakundiyankhula. Za kukula kwa nyumba ndifunsa bambo akabwera, chifukwa mapepala amasunga ndi iwo. Nkhunizo anatibweretsera mu Okutobala, ndipo wogulitsayo anati ndi zouma, ngakhale zina zimatuluka thovu kumapeto zikamayaka. Boilayo ili patali ndithu, kuseri kwa galaja, koma kufikako sikuvuta chifukwa pali kanjira kamene chipale chofewa sichikhalitsapo kuchokera pa boila mpaka pa khoma la nyumba, moti bambo amadutsa pomwepo usiku ndipo udzu wake ndi wobiriwira mpaka pano.

Bambo Chisale:
Mayi, kanjira kameneko ndi kamene kakudya nkhuni zanu. Chipale chofewa chikamasungunuka motsatira mzere wa paipi, ndiye kuti zokutira paipiyo zalowa madzi, ndipo boila yanu ikutenthetsa nthaka ndi madzi a pansi usana ndi usiku. Zimachitika kawirikawiri ndi mapaipi otsika mtengo amene amangokulungidwa n'kulowetsedwa m'paipi yakuda ya ngalande, pakuti ikangobooka pamodzi madzi amadzaza mzere wonse. Zingatheke kuti wogulitsa nyumbayo sananame, mwina m'masiku ake paipiyo inali idakali youma. Yezani madigiri monga ndanenera kuti mutsimikize. Kukonza kwake ndi kukumba n'kuika paipi yokutidwa ndi thovu lolimba losalowa madzi, ndipo popeza nyumba ndi yaikulu muike ya inchi imodzi ndi kota kapena mizere iwiri. Ntchito imeneyo idikire nthaka isungunuke. Pakadali pano lolani furnace ya propane izithandiza usiku kuti bambo azigona, tsekani mipata ya mawindo a m'mwamba, ndipo gulani tsopano nkhuni za chaka chamawa.

Bambo Phiri:
Thovu limene mayiwa akuliona kumapeto kwa zikunilo ndi madzi, choncho nkhuni nazonso ndi zaziwisi monga ndinanenera. Wogulitsayo musamugulenso.

Bambo Mwale:
Chabwino, akumbe paipiyo. Koma pamene thirakitala ili kale pabwalo ndipo ngalande ili yotsegula, imeneyo ndiyo nthawi yabwino yochotsa boila yakaleyo n'kuika ya gasification, kusiyana n'kudzaitananso amisiri kachiwiri. Mayi Nambewe, mundilembere kumbali ndikuuzeni mtundu umene ndili nawo ine.

Mayi Nambewe:
Bambo Chisale, kodi pokumbapo adzadutsa pamene pali dimba langa la masamba? Ndinavutika kwambiri kulikonza, ndipo ndi pokhapo pamene chibwabwa chimachita bwino.

Bambo Chisale:
Paipi yatsopano siyenera kutsatira njira ya yakale, mayi, ndipo yakaleyo mukhoza kungoisiya m'nthaka. Musanakumbe paliponse imbani pa 811 kuti adzaike zizindikiro pamene padutsa mawaya ndi mapaipi ena, ndipo mundiuzebe kukula kwa nyumbayo kuti tidziwe paipi yoyenera.