Zomera za mu thanki yanga ya nsomba zatalika udyo, ndidule bwanji?

Wofunsa: Akuluakulu, thandizeni maganizo. Ndili ndi thanki ya malita 120, muli ma guppy ndi ma neon tetra. Kumbuyo ndinabzala Vallisneria, pakati Rotala. Vallisneria watalika mpaka masamba agona pamwamba pa madzi ngati mphasa, kuwala kwa getsi sikukufikanso pansi. Rotala naye masamba a m'munsi anayoyoka, atsala kunsonga kokha ngati mtengo wa papaya. Loweruka ndinatenga sizasi ya kukhitchini n'kumumeta Vallisneria uja ngati kapinga. Lero podulapo pada, ndipo ukakhudza pakuterera. Ndizule zonse ndiyambirenso?

Woyankha woyamba: Musazule achimwene. Vallisneria sametedwa choncho, tsamba mukalidula pakati nthawi zambiri limayamba kuola kuchokera pabalapo. Lowetsani dzanja, tsatani tsamba lalitalilo mpaka patsinde, mudule pomwepo. Yambani ndi masamba akunja, ndiwo akale, ndi amene mwawavulazawo. Atsopano amatulukira pakati. Muonenso timphukira tomwe amayala mumchenga, mukatilekerera mupeza wafika pagalasi la kutsogolo.

Woyankha wachiwiri: Rotala ndiye amakonda kudulidwa. Mukadula pamwamba pang'ono pa mfundo pomwe pali masamba, pamaphuka nthambi ziwiri, n'chifukwa chake amachita thengo. Koma wanuyo poti m'munsi ndi mbulanda, dulani nsonga za masentimita 10 mpaka 15, thotholani timasamba ta pansi, zulani zitsa zakalezo, mubzale nsongazo motalikirana pang'ono. Mizu imatuluka yokha pamfundo. Ine tsiku loyamba zonse zinayandama, ndinkazika pang'ono kwambiri. Zikani ndithu.

Wofunsa: Zikomo. Nanga sizasi yangayi ndiye yalakwa?

Woyankha wachiwiri: Ngati ili yobuntha inde, imatafuna tsamba m'malo modula. Gulani ina yakuthwa ikhale ya thanki basi, osatsukira sopo.

Woyankha wachitatu: Chimene sanakuuzeni anzangawa: musadule zonse tsiku limodzi. Zomera zikachepa mwadzidzidzi, chakudya cha m'madzi chimatsala chambiri, kuwala nako kwachuluka, ndere zimangoti mbwerekete pagalasi. Zinandichitikira ine, sabata ziwiri ndikupala. Sabata ino Vallisneria, ya mawa Rotala. Mukamaliza vuulani zinyenyeswazi ndi kaukonde zisakatseke fyuluta, musinthe madzi gawo limodzi mwa atatu. Zodulazo osataya mu ngalande kapena mumtsinje, Rotala amene amabzalidwa kwambiri m'mathanki ndi wachilendo kuno, kwawo ndi ku Asia. Ziume kaye.

Woyankha woyamba: Komanso musade naye nkhawa Vallisneria, ndi wolimba. Ku Nyanja ya Malawi amamera yekha pamchenga m'malo osaya.

Woyankha wachinayi: Ikanimo nsomba za mbuna ziwiri, nkhani yodulira ithera pomwepo 😂

Woyankha wachitatu: Ndi ma guppy omwe athera pomwepo. Musawamvere awa.

Woyankha wachisanu: Abwana wofunsa, muli dera liti? Nsonga za Rotala zikatsalako musaumitse, ndibwera ndi chigubu.