Kodi Joni wa m'mafilimu a zigawenga ndi Joni weniweni?

Abale a pagulu pano, makamaka inu okhala ku Joni, ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga wapeza ntchito ya ukalipentala ku Johannesburg, pasipoti ili m'manja, koma amayi akanitsitsa. Chawaopsa ndi filimu ya Jerusalema ya mu 2008, ija ya mnyamata wa ku Soweto woyamba ndi kuba magalimoto, kenako n'kumalanda nyumba zosanja za ku Hillbrow, anthu n'kumalipira lendi kwa iyeyo. Amayi akuti mwana wawo sakagona m'nyumba za zigawenga, basi. Ine n'kanati ndi sewero chabe, koma moto wa mu 2023 ku Marshalltown unapha anthu oposa 70 m'nyumba yolandidwa chimodzimodzi, ena mwa iwo Amalawi. Ndiwauze chiyani?

Wa ku Mayfair: Achimwene, filimuyo sinaname za Hillbrow. Nyumba zopanda madzi, magetsi okoka mwakuba, chipinda chimodzi chogawidwa ndi makatani, zilipo ndithu. Chomwe sionetsa ndi m'mawa wa Lolemba: mizere ya anthu pa renki ya mateksi ku Bree, amayi ogulitsa vetkoek (mandasi a kuno), ana ovala yunifolomu. Kamera imakonda mfuti. Munthu wopala matabwa tsiku lonse angamuonere ndani?

Mayi wa ku Randburg: Aonetseninso filimu ya Tsotsi, ija inapata mphoto ya Oscar mu 2006. Nayonso ndi ya umbanda, koma imaonetsa mzinda wa mbali ziwiri, zisakasa za malata uku, mipanda ya magetsi uko, komanso chifukwa chomwe mwana wokulira m'mapaipi amasandukira chilombo. Eni ake kuno amakangananso, ena amati mafilimuwa akuipitsa dzina la mzinda, ena amati akunena zomwe andale amabisa.

Wina: Tsotsi iwaonjezera mantha amayiwo, mwayiwala kuti imayamba ndi kubaya munthu m'sitima? 😂

Mwini funso: Ndiye nanga ndichite bwanji?

Wa ku Mayfair: Filimu isiyeni kaye. Mufunseni mng'ono wanuyo dzina la dera lomwe akakhale, yemwe azikam'patsa lendi, komanso ngati ali ndi chilolezo chogwirira ntchito. Akayankha kuti "tikaonera konko", amayi akunena zoona, adikire.