Ndingayese bwanji mankhwala opopera m'mphuno kuti ndidziwe ngati akundithandiza?

Wofunsa, mayi wa ku Chilomoni:

Moni nonse akuluakulu a m'gulu lino. Ndikupempha uphungu kwa amene munagwiritsapo ntchito mankhwala opopera m'mphuno, komanso kwa amene mumagwira ntchito zachipatala.

Chaka chilichonse, kuyambira mu Ogasiti mango akayamba maluwa mpaka mvula yoyamba itagwa, mphuno zanga zimatsekeka, ndimayetsemula motsatizana m'mawa, maso amayabwa, ndipo mamina amangotuluka oyera ngati madzi. Vutoli limabweranso mu Malichi ndi Epulo. Thupi silitentha ngakhale pang'ono, ndipo adokotala anandiuza kuti si chimfine ayi, koma ndi allergy, kutanthauza kuti thupi langa limadana ndi mungu umene umauluka ndi mphepo. Piriton amachepetsa kuyetsemula, koma amandipatsa tulo, zomwe sizigwirizana ndi ntchito yanga yophunzitsa ana, ndipo mphuno zimakhalabe zotseka.

Panopa ndili ndi timabotolo tiwiri. Koyamba ndi ka Otrivin, kamene ndinagula ku famase, ndipo ndikapopera mphuno zimatseguka pasanathe mphindi 10. Kachiwiri ndi ka beclometasone, kamene adokotala anandilembera. Ndakayamba sabata ino, koma sindikumva kusintha kulikonse. Abale kunyumba akuti ndisiye kachiwirika chifukwa ndikungotaya ndalama. Kodi ndidikire nthawi yaitali bwanji ndisanaweruze? Kodi ndingagwiritse ntchito tonse tiwiri nthawi imodzi? Nanga popeza masiku ena kumakhala mphepo ndi fumbi pomwe ena kumakhala bata, ndidziwa bwanji kuti amene andithandiza ndi mankhwala osati nyengo?

Bambo wa ku Bangwe:

Amayi, kwa ine nkhaniyi ndi yosavuta. Mankhwala amene akutsegula mphuno ndi amene akugwira ntchito, ndiye pitirizani ndi Otrivin. Kwathu aliyense akatsekeka mphuno timapopera ameneyo ndipo timagona bwino.

Wogwira ntchito ku famase, Limbe:

Abambo a ku Bangwe, ndikulemekeza zomwe mwaona, koma ndilole kutsutsana nanu, chifukwa uphungu umenewu ungawapweteke amayiwa. Mankhwala awiriwa sagwira ntchito mofanana, choncho sangayesedwe ndi muyeso umodzi.

Mu Otrivin muli xylometazoline, ndipo mnzake wofanana naye ndi oxymetazoline, amene amapezeka mu Iliadin. Ntchito yawo ndi kufinya timitsempha ta magazi ta m'kati mwa mphuno, kotero kutupa kumaphwa msanga ndipo mpweya umadutsa kwa maola angapo. Allergy yeniyeniyo saikhudza n'komwe. Choopsa chake n'chakuti munthu akapitiriza kupopera tsiku ndi tsiku, timitsempha tija timazolowera, ndipo mphamvu ya mankhwala ikatha timatupa kuposa poyamba. Munthu amaganiza kuti matenda akula, amawonjezera kupopera, mpaka amafika poti sangagone popanda kabotolo pansi pa pilo. Madokotala amatcha vutoli rhinitis medicamentosa, ndipo ife a ku famase timakumana nawo anthu otere, ena atatha miyezi akugula kabotolo pambuyo pa kabotolo. N'chifukwa chake pepala la m'katoni limaletsa kupopera masiku ambiri motsatizana, ndipo madokotala ambiri amalangiza masiku 3 mpaka 5 okha. Kwa munthu wa chimfine cha masiku ochepa, ngati a kunyumba kwanu abambo, palibe vuto. Koma amayiwa vuto lawo limatenga miyezi itatu.

Beclometasone ali m'gulu la steroid, pamodzi ndi fluticasone, mometasone ndi budesonide. Amenewa amazimitsa kutupa kumene thupi limayambitsa likakumana ndi mungu, ndipo amachita zimenezi pang'onopang'ono. Ena amamva kusintha pakapita masiku awiri kapena atatu, koma mphamvu yake yonse imaoneka pakatha pafupifupi masabata awiri akupopera tsiku lililonse osadumphitsa, ngakhale tsiku lomwe mukupeza bwino. Choncho amayi, sabata yoyamba si nthawi yoweruzira. Pa mankhwala onse a allergy ya m'mphuno, gulu limeneli ndi lomwe limathandiza kwambiri pa kutsekeka, kuposa mapiritsi.

Kuphatikiza n'kotheka kwa masiku ochepa oyambirira: mumayamba ndi Otrivin, mphuno zikatseguka n'kupopera beclometasone kuti alowe bwino. Masikuwo akakwana, Otrivin mumuike patali.

Mayi wa ku Chigumula, wolima maluwa:

Ine ndiyankhe mbali ya nyengo. Anthu ambiri muno mu Blantyre amaloza chala mitengo ya jakaranda, chifukwa maluwa ake amadzaza misewu mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yomweyo imene anthu akuyetsemula. Komatu maluwa owala chotero amadalira njuchi ndi tizilombo tina kuti tinyamule mungu wake, ndipo mungu wotere ndi wolemera, suuluka patali. Umene umavutitsa anthu ambiri ndi wa udzu, umene ndi wopepuka ndipo umatengedwa ndi mphepo. Zimenezi zikugwirizana ndi vuto lanu la mu Malichi ndi Epulo, pamene udzu wakhwima kumapeto kwa dzinja. Koma la mu Ogasiti mpaka Okutobala likhoza kukhala losakanikirana ndi fumbi la m'misewu, utsi wa tchire lomwe anthu amatentha posaka mbewa ndi pokonza minda, ndiponso choko cha m'kalasi mwanu. Ndikunena izi kuti musadabwe ngati mankhwala omwewo athandiza kwambiri nyengo ina kuposa inzake.

Namwino wopuma pa ntchito, Namiwawa:

Mwana wanga, a ku famase anena zoona zokhazokha. Ine ndiwonjezere za kapoperedwe, chifukwa anthu ambiri amene amati mankhwalawa sagwira ntchito amakhala akuwameza osadziwa.

Yambani mwamina bwinobwino, kenako khutchumulani kabotolo. Weramitsani mutu pang'ono ngati mukuwerenga buku, musaugadamitse. Popopera mphuno ya kumanzere gwiritsani dzanja lamanja, ndipo popopera ya kumanja gwiritsani lamanzere; mukatero kamlomo ka botolo kamaloza cha kukhutu, kutali ndi khoma la pakati pa mphuno. Khoma limenelo lili ndi timitsempha tosachedwa kuphulika, ndipo amene amalozetsa mankhwala pamenepo ndi amene amadandaula za kamfuno. Mukapopera kokani mpweya pang'ono chabe. Ngati mukumva kuwawa kwa mankhwala kukhosi, ndiye kuti mwakoka mwamphamvu ndipo apitirira malo ake.

Musanapopere, ndi bwino kutsuka m'mphuno ndi madzi a mchere, makamaka mukangofika kuchokera kuntchito, kuti mungu ndi fumbi zichoke. Wiritsani theka la lita la madzi, muike sipuni yaing'ono ya mchere yosasefukira, ndipo mudikire azizire. Madzi osawiritsa musawalowetse m'mphuno.

Pa funso lanu la kusiyanitsa mankhwala ndi nyengo, tengani kope ngati mmene mumalembera malikisi a ana. Madzulo aliwonse lembani nambala kuyambira 0 mpaka 3 pa zinthu zinayi izi: kutsekeka, kuyetsemula, mamina ndi kuyabwa. Pambali pake lembani ngati kunali mphepo, fumbi, utsi kapena mvula, komanso ngati munadzuka usiku chifukwa cholephera kupuma ndi mphuno. Tsiku limodzi silikuuzani kanthu, koma mukafanizira sabata yoyamba ndi yachitatu mudzaona komwe zinthu zikulowera. Pa nthawi yoyesayi musasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi, chifukwa mukayamba mapiritsi atsopano, mankhwala azitsamba ndi kufukiza bulugamu sabata yomweyo, simudzadziwa chimene chakuthandizani.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amayi anamwino, kope ndiliyamba lero lomwe. Ndili ndi mafunso ena awiri. Ndimamwa mankhwala a BP, ndiye kodi Otrivin alibe vuto kwa ine ngakhale kwa masiku ochepawo? Komanso mawu akuti steroid akundiopsa, popeza ndinamva kuti mankhwala otere amanenepetsa ndi kufewetsa mafupa.

Wogwira ntchito ku famase, Limbe:

Mwachita bwino kutchula za BP. Mankhwala ofinya mitsempha ngati Otrivin amafunika kusamala kwa anthu a kuthamanga kwa magazi, a matenda a mtima, a shuga, a chithokomiro ndi a matenda a maso otchedwa glaucoma, ndiponso kwa amayi oyembekezera. Ine ndingakonde kuti mumusiyiretu mpaka mutafunsa amene amakuonani za BP, ndipo pakadali pano madzi a mchere agwire ntchito yotsegula njira.

Za kunenepa ndi mafupa zimakhudza kwambiri steroid wa mapiritsi, monga prednisolone, akamwedwa nthawi yaitali. Wopopera m'mphuno mlingo wake ndi wochepa kwambiri: beclometasone amatulutsa ma microgram 50 pa kupopera kumodzi, ndipo munthu wamkulu kawirikawiri amapopera kawiri mphuno iliyonse, m'mawa ndi madzulo. Zovuta zomwe zimaoneka kwambiri ndi kuuma m'mphuno ndi kamfuno pang'ono. Pa mlingo umenewu, kabotolo kolembedwa 200, kutanthauza kupopera ka 200, kamatha masiku 25, choncho konzekerani kugula kena nyengo isanathe. Ngati mukugwiritsanso ntchito inhaler ya mphumu, kapena mukumwa ma ARV, awuzeni adokotala, chifukwa mankhwala ena a HIV okhala ndi ritonavir amachulukitsa steroid m'magazi, makamaka fluticasone. M'malo mwa Piriton, funsani za cetirizine kapena loratadine, piritsi limodzi la 10 mg pa tsiku, amene sagonetsa kwambiri. Gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, ndipo onani tsiku lothera mphamvu.

Namwino wopuma pa ntchito, Namiwawa:

Ngati patatha masabata anayi mukupopera moyenera manambala a m'kope sakutsika, bwererani kwa adokotala ndi kopelo m'manja. Musadikire masabata anayiwo ngati mphuno yotseka ndi imodzi yokha nthawi zonse, ngati mamina ayamba kununkha kapena kutuluka ndi magazi kawirikawiri, ngati nkhope ikupweteka thupi likutentha, kapena ngati pachifuwa payamba kulira usiku, popeza allergy ya m'mphuno ndi mphumu zimayendera limodzi. Zikatero pemphani kalata ku chipatala chanu chaching'ono yokutumizani ku Gulupu, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi. Ndipo chaka chamawa muyambe kupopera masabata awiri nyengo yanu yovuta isanafike, cha pakati pa Julayi komanso pakati pa Febuluwale.